Katundu wa Eni Ake ku London

Lolemba

Munthu akamapita ku mzinda waukulu ngati London, mantha ake amakhala a kusochera. Ine amenewo ndilibe. Zaka khumi ndi zinayi ndinaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale ina ku Dedza, ndipo chaka chilichonse ndinkajambula pa bolodi mlatho wa nsanja ziwiri wa pa mtsinje wa Thames, n'kuwafotokozera ana kuti umatseguka pakati sitima yapamadzi ikamadutsa. Akandifunsa ngati ndinauonapo, ndinkasintha nkhani.

Tsopano ndikupita! Chikondi, mwana wa mlongo wanga, akukwatiwa kumeneko Loweruka, ndipo malume wake ndine. Kunyamuka kuno ku Perth, ku Australia, Lachitatu madzulo, kufika Lachinayi m'mawa, kubwerera Lamulungu. Lachinayi ndi la zokambirana za banja. Lachisanu ndi langa. Langa ndekha.

Ndondomeko ya Lachisanu:
1. Mlatho uja, m'mawa anthu asanachuluke.
2. Nsanja ya wotchi yaikulu.
3. Nyumba ya malamulo.
4. Asilikali a zipewa zaubweya pa nyumba ya mfumu.
5. Nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndikaone zimene anatola kwathu.
6. Tiyi, nditakhala pansi, popanda wondiitana.

Chondidetsa nkhawa n'chimodzi. Dzulo ndinatsanzika ku tchalitchi kwathu ku Mirrabooka. Ndinkafuna kungopita mwakachetechete, koma akazi anga anati munthu wamkulu sazemba ngati mbava. Ndinaimirira, anandipempherera. Potsegula maso ndinapeza anthu angapo akuyeza mapewa anga ndi maso.

Lachiwiri

Ku ntchito ku Kewdale. Ntchito yanga ndi kulemba mabokosi a anthu ena, olowa ndi otuluka m'nyumba yosungiramo katundu. Ndikuwerengera maola oti ndisiyane nawo.

A Tembo, mnzanga wa ku Chipata, andidikirira poimika magalimoto. "Ba Ticha, ni kanthu kang'ono chabe, sikalema. Mukapase sisita wanga ku Croydon." Kanthu kang'onoko ndi wotchi yapakhoma ya thabwa lenileni, yosemedwa ngati mapu a Australia. Pamwamba pake nsapato zaubweya wa nkhosa.

Madzulo, Mayi Nkhoma, mkulu wa amayi a Mvano. Ayendetsa okha galimoto kuchokera ku Armadale. Munthu wayenda mtunda wonsewo, wakhala pampando wako, wamwa tiyi wako, umukana ndi pakamwa pati?

Za mwana wawo Tadala, namwino:
- zitenje zisanu ndi chimodzi, zogulidwa ku Lilongwe, zagona chaka ku Armadale, tsopano zikupita ku Ulaya. Zayenda kuposa ine.
- mabisiketi a chokoleti
- bulangete, ngati kuti ku England kulibe nkhosa

"Aphunzitsi, mupereke m'manja mwake. Ndipo mumuyang'ane bwinobwino ngati wawonda. Pa foni amandinamiza."

Ndifunsa kumene Tadala amakhala. "Ku London komweko."

Positi ilipo, ndikudziwa. Koma tiyenera kumvetsa kuti kwathu katundu ndi chifukwa chabe. Chimene munthu akutumiza ndi maso ako, miyendo yako ndi moni. Wapositi sangabwerere n'kudzanena kuti mwana wanenepa. Ndi mwambo wabwino kwambiri. Ndikuufotokoza mofatsa chonchi kuti ndisaponye wotchiyi pa khoma.

Lachitatu

Sutikesi pa sikelo. Yapitirira. Kuchotsamo nsapato zanga zoyendera. Yapitirirabe. Kuchotsamo buku langa lofotokoza za London. Jekete lalikulu ndilivala pathupi.

Akazi anga: "Walira mvula walira matope." Ndiwakumbutsa mwaulemu kuti mvulayo anailira ndi iwo. Sakumva, akumanga zitenje.

Nambala 5 ndaifufuta. Ndi nsapato za ukwati sindingayendayende m'nyumba yaikulu chonchija.

Pa bwalo la ndege kukutentha monga kumatenthera mu Novembala kuno, ine ndili m'jekete la chisanu, thukuta kamukamu. Mayi woyang'ana ziphaso afunsa ngati katunduyu ndalongedza ndekha. Inde, ndekha. Wanga ndi mswachi ndi suti.

Lachinayi

London! Kapena kuti Dagenham, kum'mawa kwake, kwa mlongo wanga. Pa windo ndikuona mpanda ndi zitini za zinyalala.

Zokambirana ndi akuchimuna zayenda bwino. Anthu aulemu. Ndawodzera kamodzi kokha, ndipo akuti ndinaoneka ngati ndikulingalira mozama.

Kuimbira Tadala. Amakhala ku Luton. Luton! Ndatsegula mapu pa foni, ndakokera ndi chala, ndakokeranso. London ya Mayi Nkhoma ili kunja kwa London, kumpoto. Croydon ya a Tembo ili kummwera. Ine ndili kum'mawa. Anthu atatu atagwirizana kuti azunze munthu sakanaposa apa.

Ndimupempha adzatengere katunduyu ku ukwati. Loweruka ali pa shifiti. Ndimupempha tikumane pa siteshoni m'tauni. Aseka. "Malume, amayi atamva kuti ndakulandirirani pa msewu ngati wogulitsa tomato, angandikane kuti sindine mwana wawo."

Mlongo wa a Tembo amaweruka thu koloko masana.

Ndondomeko yatsopano: Luton m'mawa, theka la ola basi. Mlatho ndi wotchi masana. Croydon. Tiyi. Nyumba ya malamulo ndi asilikali ndawakhululukira.

Mlongo wanga akuti dzuwa kuno likulowa itangokwana folo. Zimenezi ndimazidziwa, ndikhoza kujambula chifukwa chake pa bolodi. Ndinangoiwala kuti zimachitikadi.

Lachisanu

M'mawa. Sitima, sitima ina, basi. Zitenje kudzanja lamanja, Australia m'khwapa. Nsapato za ukwati zikuluma.

Hafu naini, kwa Tadala. Katundu saperekedwa pakhomo, ndiye ndilowa. Moni wa Tadala. Moni wa mwamuna wake. Za ku Perth, mmodzimmodzi, mpaka a kwaya. Tiyi. Ndinyamuka kuti nditsanzike, ndimva kukhitchini nkhuku ikugwera mu sinki, gwa! ngati mwala. Yangotuluka mu firiji.

Ndikufotokoza modekha kuti ndili ndi malo oti ndikaone. "Mlathowo suthawa, malume." Tadala wakhala kuno zaka zisanu ndi zitatu. Anauonapo? "Timangoti tidzapita."

Mpunga ndi nkhuku, thwelofu koloko. Zokoma, ndisaname. Pemphero. Kundiperekeza wapansi mpaka pa siteshoni, pang'onopang'ono, monga ulemu umafunira. Andipatsa thumba la amayi ake. Lolemera kuposa limene ndabweretsa.

Masana, m'sitima ya ku Croydon. Nthawi yotsika m'tauni palibenso, koma mwamuna wa Tadala wandiuza chinsinsi: sitimayi imaima pa siteshoni yomangidwa pamwamba pa mtsinje, ndipo ukayang'ana kumanzere mlatho wanga umaoneka patali. Ndakhala kumanzere. Ndapukuta windo ndi mpango.

Sitima ichepetsa liwiro. Foni ilira. Mayi Nkhoma, pa vidiyo.

Munthu wamkulu akamakuyankhula sumayang'ana kumbali. "Aphunzitsi, mwamuona? Wawonda? Nanga m'nyumbamo mosesa? Mwamunayo akumusamala? Bwanji mukuyang'ana uko, pali chimene mukundibisira?"

Ayi mayi, palibe. Sanawonde mayi. Bulangete walikonda mayi.

Pokweza maso, khoma la njerwa.

Croydon. Mlongo wa a Tembo waitana anzake asanu kuti adzaone mlendo wochokera ku Australia. Mpunga ndi nkhuku. Kukana ndiye kunyoza, poti kwa Amalawi ndadya, kwa a ku Zambia ndikane? Ndadya. Kenaka akuti wotchiyo ndiikhome ndine, popeza ndine ndabwera nayo. Kusaka msomali. Kusaka hamala kwa aneba. Ndiye wotchi yaikulu ya ku London ndaiona lero: ndaikhoma ndekha, ndipo yapendekeka.

Kunja kwada. Ndikuganiza kuti mlatho wa magetsi ndi mlathobe, ndikhoza kudzera komweko. Koma bambo a m'nyumbamo atenga kale makiyi. "Mulendo sakwela sitima na katundu, tikupelekezani." Katundu wake ndi bokosi la a Tembo. Ndiwachonderera kuti tidzere m'tauni. Akuti m'tauni muli mzere wa magalimoto, iwo amadziwa njira yachidule.

Njira yachiduleyo ndi ngalande ya pansi pa mtsinje. Thames ndamuwoloka kawiri lero. Koyamba ndikuyang'ana Mayi Nkhoma, kachiwiri ali pamwamba pa mutu wanga.

Loweruka

Ukwati wokongola. Chikondi walira, mlongo wanga walira, ine mapazi akulira.

Titatuluka m'tchalitchi, akwati ndi operekeza akwera magalimoto kukajambulitsa zithunzi. Kuti? Pa mlatho. Ndagwira kale chitseko cha galimoto, mlongo wanga wandigwira jekete. "Achimwene, mukupita kuti? Akuchimuna akafika ku holo awalandira ndani? Zimenezo n'za ana."

Maola awiri ndaima pakhomo la holo kugwira anthu chanza.

Madzulo zithunzi zija akuzionetsa pa khoma, zazikulu ngati chitseko. Uwo mlatho wanga, kuseri kwa chipewa cha mkwatibwi, nsanja imodzi yadulidwa. Wina wa operekeza akudandaula kuti kunali mphepo, ndipo anachedwa chifukwa msewu unatsekedwa, mlathowo unali utatseguka. Akuti zinawatopetsa.

Ndapempha madzi.

Lamulungu

Bwalo la ndege. Sutikesi yapitiriranso. Muli thumba la Mayi Nkhoma, bokosi la a Tembo, ndi keke ya ukwati ya akazi anga imene mwina a kasitomu andilanda pofika. Mpando wanga ndi wa pakati, kutali ndi windo.

Zimene ndaona ku London: makhitchini atatu, holo imodzi, khoma la njerwa. Ndikudziwa kuti Tadala sanawonde. Lamulungu likubwerali andiimiritsa ku tchalitchi kuti ndifotokoze za ulendo, ndipo ndidzati ndinayenda bwino, anthu athu kumeneko ali ndi chikondi. Ndi zoona. Ali nacho chambiri, sichisiya mpata.

Sindikwiyira munthu. Aliyense anandichitira zabwino, mmodzi pambuyo pa mnzake, mpaka tsiku linatha.

Inu amene mudzapeze kabukuka ine nditakalamba, ngati mwayi udzakugwerani, pitani. Katundu wa anthu nyamulani, sitingathawe. Koma mukatsika ndege, musanaimbire aliyense, kwerani sitima ndi masutikesi anu omwewo, mukaime pa mlathowo ngakhale mphindi khumi. Nkhuku idikira. Mukadzabwera mudzandiuze mmene umatsegukira. Pali ana ambiri ku Dedza amene ndinawauza ngati ndinaliko.