Kasipuling'i Kamene Kanatsala

Inu amene mwakhala pa benchi ya masipeyala apo, mukusekera m'manja ngati sindikukuonani, imirirani mundiuze pamaso kuti ine Kamwendo ndine wabodza. Palibe? Ndiye khalani bwino, mupise malaya, mumvetsere. Ine sindilumbira, chifukwa kumishoni anatiphunzitsa kuti munthu wachilungamo safuna malumbiro, koma pano pa Msika wa Tsoka palibe wina amene anakonzapo injini ya dizilo mpaka iyo kukana kuzima chifukwa cha thanzi.

Ndinali makaniko pa ofesi ina ya ku Capital Hill, imene sindiitchula, ndipo ntchito yanga inali basi imodzi yonyamula ogwira ntchito kuchokera kuno ku Old Town m'mawa uliwonse. Basiyo inali yokalamba. Inkatsokomola, inkafika mochedwa, ndipo utsi wake unali wakuda kotero kuti makalaliki ankakwera atavala malaya oyera n'kutsika ngati ogulitsa makala. Bwana wathu, a Mhango, munthu wa kumpoto wolankhula pang'ono, anandiitana Lachisanu nandiuza kuti Lolemba basiyo ifike pa geti hafu seveni yeniyeni, yopanda utsi, apo ayi basi igulitsidwa ndipo ine ndikapume kumudzi. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito popanda kuchedwa ngakhale tsiku limodzi zinali pa mlomo wa injini imeneyo. Mukumva?

Loweruka m'mawa ndinayala nsalu yoyera pansi, chifukwa ine sinditaya mabawuti m'fumbi ngati inu, ndipo chilichonse chimene ndinamasula ndinachiika pamzere, chachikulu kutsogolo, chaching'ono kumbuyo, ngati ana a sukulu pa asembule. Ndinakhetsa oyilo wakale, amene anali wolimba mwakuti anatuluka ataimirira, ndipo ndinachita kumugwetsa ndi sipanala. M'fyuluta ya mpweya ndinapezamo fumbi la misewu yonse ya mzinda uno, chaka ndi chaka mosanjikizana, ndi chimanga chimene chinamera m'menemo n'kubereka ziwiri. Mainjekita, timilomo timene timapopera dizilo m'kati, ndinawatsuka limodzilimodzi n'kuwayesa ndi khutu, ndipo limene linkapopera mokhota ndinangoliyang'ana mmene ankatiyang'anira mphunzitsi wathu wamkulu, n'kuwongoka lokha. Matapeti, tizitsulo totsegula ndi kutseka mpweya m'injini, ndinawachuna mpaka mpata wake kukhala wolowa tsitsi limodzi la mwana wakhanda, osati awiri. Kenaka ndinatsegula pampu ya dizilo, imene anzanga onse ankaiopa, ndinaitsuka, n'kuibwezera monga buku la injiniyo linanenera, ndipo ndinatulutsa mpweya m'mapaipi mpaka thovu lomaliza linatuluka litawerama.

Pamene belu la thwelofu linalira, ndinaika sipanala pansi. Loweruka ntchito imathera masana, ndipo ine sindinaswepo lamulo la nthawi. Popinda nsalu ndinaona kasipuling'i kamodzi, kakang'ono ngati nyerere, katatsala pakona. Ndinakayang'ana. Ndinayang'ana wotchi. Lamlungu ndi tsiku la Ambuye, sipanala sigwiridwa. Ndinati injini yokonzedwa mwadongosolo chotere singasowe kanthu kochepa ngati aka, ndipo ndinakaika m'thumba la jekete.

Lolemba dalaivala wathu, a Kachingwe, anangoonetsa kiyi, asanalowetse n'komwe, injini n'kulira, ndipo kulira kwake kunali kosalala mwakuti amayi ena a kwaya amene ankadutsa anatengerapo mawu oyambira nyimbo. Utsi munalibe. Chimene chinkatuluka kumbuyo chinali mpweya woyera, moti galu wa chifuwa amene ananunkhiza ekizozi anachira pomwepo. Makalaliki anakwera, ine ndinakhala kutsogolo ndi buku la injini lija pamiyendo, ndipo tinanyamuka seveni koloko.

Tinawoloka mlatho wa Lilongwe matayala asanadziwe kuti pali mlatho, tinapitirira maminibasi onse, tinapitirira njinga zamoto, a Kachingwe analiza hutala koma tinaisiya m'mbuyo n'kudzatipeza Lachitatu, ndipo mthunzi wa basi unatopa n'kukhala pansi pa mtengo ku City Centre, mpaka lero amene ali ndi maso amauona. Mukumva? Mphindi ziwiri zisanakwane, geti ya ofesi inali patsogolo pathu. A Kachingwe anachotsa phazi pa moto, injini n'kuwonjeza. Anaponda mabuleki, mabuleki n'kupepesa. Anazimitsa kiyi, n'kuisolola, n'kundionetsa m'manja mwawo, koma injini inangoimba mokweza.

"Bambo Kamwendo, mwaichita chiyani injiniyi?"

"Ndaikonza," ndinatero. "Gwirani chiwongolero. Tafika msanga, ndipo kufika msanga n'kusowa mwambo ngati kuchedwa komwe."

Choncho tinadutsa geti, tinakalowa mu Area 10, kumene alonda a m'mipanda ankatsegula mageti poganiza kuti kukubwera nduna, ndipo tinali titadutsa kale asanakweze dzanja, mphepo yathu inasesa mabwalo onse, inatchetcha kapinga, inaumitsa zovala pa zingwe n'kuzipinda, moti antchito a m'nyumba tsiku limenelo anangokhala pansi. Tinabwerera pa raundabauti, n'kuzungulira mothamanga mwakuti tinkaona nambala ya kumbuyo kwa basi yathu yomwe, ndipo kalaliki wina amene anakhala mpando womaliza anandipatsa moni pa galasi la kutsogolo.

Ndinatseka paipi ya dizilo ndi dzanja langa. Injini sinasamale. Inayamba kumwa oyilo wake, ndipo oyilo atachepa inkangokoka fungo la dizilo pa malo omwetsera mafuta amene tinkadutsa, moti anthu a pamzere ankadabwa kuti pampu ikuwerenga popanda galimoto. Makalaliki, amene zaka zonse ankadandaula za kuchedwa, tsopano ankalonjeza Mulungu kuti akatsika amoyo aziyenda wapansi.

Inu ana a masiku ano simudziwa kuti injini ya dizilo ikathawa sigwidwa ndi kiyi, imagwidwa pakhosi, pamene imakokera mpweya. Ndinatsegula chivundikiro cha injini m'kati mwa basi, ndinavula jekete, nditayamba ndachotsa za m'matumba, chifukwa dongosolo silithawidwa, ndipo ndinaitsekera pakamwa pake. Inameza jeketeyo, n'kuitulutsa ku ekizozi yochapa, yosita, batani limene linathothoka kalekale litasokedwa. Pamenepo ndinayang'ana wotchi, n'kuona kuti kwatsala mphindi imodzi. Ndinauza a Kachingwe kuti alunjike ku geti, ndinatenga buku la injini, lachikuto cholimba, n'kuphimba nalo pakamwa paja ndi thupi langa lonse. Injini inakoka, inakoka, inayamwa zilembo zonse za m'bukumo tsamba ndi tsamba, inausa moyo kamodzi, n'kukhala chete. Basi inayenda yokha pang'onopang'ono n'kuima pa geti, pamapazi pa a Mhango, hafu seveni yeniyeni. Utsi panalibe. Pisitoni imodzi inali itatulukira m'mbali mwa injini kudzapereka ulemu kwa bwana.

A Mhango anayang'ana pisitoniyo, anayang'ana makalaliki amene ankatsika chokwawa, kenaka anandifunsa ngati panali kanthu kamene kanatsala pobwezera pampu. Ndinawayankha kuti iwo anati basi ifike hafu seveni yopanda utsi, sananene kuti idzayendenso. Lachisanu anandipatsa kalata. Ine ndimaitcha yothokoza, ngakhale mawu othokozawo anaiwala kulembamo.

Pali ena, a nsanje, amene amati kasipuling'i kaja n'kamene kamaletsa pampu kuthira dizilo mopyola muyezo, ndipo kuti buku limanena zimenezi poyera. Buku ndi ili, tsegulani, mundionetse pamene palembedwa. Masamba oyera okhaokha. Iwe wa malaya ofiira, usandiuze kuti ndi kope la sukulu, chikuto chokha n'chimene ndinasintha. Ndipo kasipuling'i ndi aka, ndimayenda nako tsiku lililonse. Kayang'anitsitseni, katsopano, kosapindika, kopanda dzimbiri. Pa zonse za m'basi ija, ndi kokhaka kamene sikanawonongeke, ndipo n'chifukwa chakuti kanali m'manja mwa Kamwendo.