Chimanga Chofooketsa Abambo

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunge kuopa milandu, mbozi za ntchemberezandonda zinkadya chimanga chaka ndi chaka ngati zinalima nawo. Ndiye alangizi anabweretsa mbewu yatsopano, imene asayansi anaikonza kuti mbozi ikangoiluma izifa.

Mbewuyo inafikira m'manja mwa a Kamphinda, Wapampando Wamuyaya wa Komiti Yoteteza Nthaka, Chikhalidwe ndi Zina Zotero. Mkuluyu sukulu anangoionera pawindo, koma ananunkhiza paketi kamodzi kokha n'kudziwa sayansi yonse.

"Chopha mbozi chingalekerere munthu?" anafunsa pamsonkhano. "Abambo, mukadya chimenechi, kuchipinda kuzizira. Mtundu uthera pompano!"

Abambo onse anayang'ana pansi, aliyense akudzimvera chisoni.

Anaimirira Nachisale, mayi wamasiye wa ana anayi, amene chaka chapitacho anakolola chosadzaza ngakhale dengu.

"Pepani a Wapampando, kwanga kulibe mwamuna woti afooke. Ndipatseniko paketi imodzi, ana anga asagonenso ndi njala."

"Mungu umauluka, mayi! Mukufuna kufooketsa amuna a eni? Walira mvula walira matope."

M'manja munawombedwa. A Kamphinda anadzipereka kukataya okha mapaketi onse kuseri kwa phiri, n'kuletsa aliyense kupondako kuopa poizoni. Koma abale, atsogoleri ena kudzipereka!

Mbozi zinabwera monga mwa mwambo. Munda wa Nachisale unatsala mapesi okhaokha, ndipo ana anayamba kugonera maungu. Nthawi yokolola itakwana, kunamveka kuti a Wapampando akufuna aganyu, malipiro ake chimanga. Nachisale anamanga chitenje n'kutsatira anzake kuseri kwa phiri kuja.

Kumeneko poizoni uja anali atadzitaya yekha m'mizere yowongoka, njere imodzi paphando, ndipo anabereka zisononkho ngati mkono. Wogawa chimanga kwa aganyu anali mayi a kunyumba a Wapampando, ali ndi pakati pooneka ndi wakhungu yemwe.

"Kodi si chija munati n'choopsa ichi?" anafunsa Nachisale, mtima ukuwawa.

"N'choopsadi, mayi," anayankha a Kamphinda osaphethira. "Ndikuchiyesa pathupi langa kuti mudzi upulumuke. Kafukufuku akufunika zaka zina zisanu."

Atagwira ganyuyo, Nachisale anasenza kabeseni kake ka chimanga cha malipiro n'kutsika phiri. Panjira anapatula njere zingapo kuti adzadzale, koma pofika pakhomo anapeza ana akulira, ndipo anaziponya zonse mumtondo.