Gitala ya a Chikadza Ibwezedwa kwa Mwini Wake

M'mudzi wina, umene dzina lake sitilitchula kuopa kuti eni ake angatikhazikitsire komiti, munali katswiri wa zoimba dzina lake a Benala Chikadza. Mkuluyu anabwera kuchokera ku Joni kalekale atakoleka gitala yofiira paphewa, ndipo mudzi unamuveka dzina laulemu lakuti Njovu ya Nsambo Zisanu ndi Imodzi. Gitalayo inkakhala pakhoma pabalaza, pamwamba pa kalendala. Kunena mosapsatira, palibe amene anawamvapo a Chikadza akuiimba. M'dzinja ankati nsambo zagwira chinyontho. M'chilimwe ankati zingaduke ndi kutentha. Ikafika Juni zala zinkawauma. Koma popeza palibe anawamva, palibenso anawapeza cholakwa, choncho mbiri yawo inkangonenepa chaka ndi chaka ngati mlambe.

M'mudzi momwemo munali mayi Delifa Nangondo, telala wosokera pakhonde la golosale, munthu wosadziwa kuzungulira polankhula. Mwana wawo wamkazi anali pafupi kukwatiwa, ndipo mayiwa anatsimikiza mtima kuti paukwatipo padzaimba Njovu yeniyeniyo, kuti akuchimuna adzadziwe kuti sakukwatira kumudzi wamba. Anawapempha a Chikadza pamjigo, anthu ali pamzere ndi zidebe, pamalo poti munthu sungakane. A Chikadza anavomera, mawu akutuluka ngati akumeza fupa.

Patangopita masiku atatu, Lamulungu, anthu onse ali kutchalitchi, gitala inabedwa.

A Chikadza analira pabwalo, nalumbira kuti tsiku limene gitala yawo idzapezeke adzaimba mpaka nkhuku zidzavine. Ena anaona kuti sabata imeneyo mkuluyu ankayenda mopepuka ndi kuimba kamluzu, koma anati chisoni chimagwira anthu mosiyanasiyana.

Popeza mutu umodzi susenza denga, mudzi unakhazikitsa Komiti Yaikulu Yofufuza Gitala ndi Zina Zotero. A Mofati Sandalamu, amene anali kale wapampando wa makomiti ena asanu ndi awiri, anasankhidwa kukhala Wapampando Wamkulu. Panali Mlembi, Wachiwiri kwa Mlembi, Mneneri wa Komiti, Mkulu Woona za Nsambo, ndi Mkulu Woona za Thobwa la pa Misonkhano. Mayi Nangondo anapatsidwa udindo wa Wachiwiri kwa Wachiwiri kwa Mlembi, ntchito yake kusunga cholembera. Vuto la mayiwa linali limodzi: ankaganiza kuti komiti yofufuza gitala ntchito yake ndi kufufuza gitala.

Misonkhano itatu yoyamba inathera pa kukambirana ngati mlembi alembe kuti “gitala yabedwa” kapena “gitala wabedwa”. Mbali ya “wabedwa” inati chida cholemekezeka chotero sichingatchulidwe ngati nkhuku. Mbali ya “yabedwa” inanyanyala n'kutuluka, koma inabwerera thobwa litafika. Pamsonkhano wachinayi anagwirizana zokayendera malo a ngozi. Anayang'anitsitsa msomali umene gitala inkakolekedwapo, naulemba m'buku ngati mboni yoyamba. Mayi Nangondo atafunsa kuti ayamba liti kufunsa anthu m'misika, a Sandalamu anawayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mfundo ya kupeza gitala ili pandandanda wa chaka chamawa, anthu akakolola.

Ukwati unali utatsala sabata zitatu.

Lachisanu lina mayi Nangondo anaoloka mtsinje kupita kumsika kukagula nsalu ya diresi ya mkwatibwi. Ali pakati potsutsana ndi wogulitsa za mtundu wa ulusi, anamva nyimbo ikuchokera kuseri kwa chigayo. Azimayi ena anali atasiya matumba a chimanga pamzere akutyola ziuno. Pansi pa mtengo wa mango panakhala bambo wina wokonza njinga, Gidiyoni Chimtengo, akuimba gitala yofiira, makasitomala ake ataima ndi matayala ophwa m'manja osadandaula konse. Mayi Nangondo anamvetsera nyimbo ziwiri zathunthu, ndipo mboni zimati pa yachiwiriyo mapewa awo anagwedezekako. Kenaka woimbayo anatembenuza gitala kuti aipukute thukuta, ndipo kumsana kwake kunaoneka zilembo zootcha ndi msomali wamoto: B. CHIKADZA, JONI.

Gidiyoni sanathawe ndipo sanakane. Anafotokoza kuti tsiku lina anapita kukakonza njinga ya a Chikadza, naona gitala ili pakhoma itakutidwa ndi akangaude. Mtima unamuwawa sabata yonse, mpaka Lamulungu lija analowera pawindo.

“Kuba ndinabadi, mayi, sindikana,” anatero. “Koma m'kati mwakemu munali chisa cha mavu. Anandiluma katatu.”

Mayi Nangondo anabereka gitalayo kumbuyo ndi chitenje ngati mwana, nauza wakubayo kuti atsogole. Popeza ulendo unali wautali ndipo dzuwa linali litakwiya, Gidiyoni anawakweza pakaliyala ya njinga yake. Umu ndi mmene wakuba anapalasira womugwira mpaka kumudzi, akuliza belu kuti mbuzi zipatuke.

Komiti inalandira nkhaniyi ngati uthenga wa maliro. A Sandalamu anadandaula kuti gitala yapezeka popanda chilolezo, mosatsata ndondomeko, ndiponso yapezedwa ndi membala wosunga cholembera. Komabe atakumbukira kuti chinthu chopezeka chimafunika mwambo wochiperekera, nkhope yawo inawala. Analengeza Mwambo Waukulu Wobwezera Chuma kwa Mwini Wake, woti uchitike Loweruka la sabata yotsatira. Anabwereka mabenchi, anamanga chisakasa, anafulula thobwa migolo iwiri. A Sandalamu analemba zoyankhula masamba asanu ndi anayi. Wakubayo anasungidwa pakhonde la Wapampando moyang'aniridwa kwambiri, ndipo pofika Lachinayi anali atakonza njinga za mamembala onse.

Loweruka mayi Nangondo anavala chilundu chatsopano, mtima uli m'mwamba. Anali ataiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. A Sandalamu anawerenga masamba awo onse asanu ndi anayi, kuyamikira Komiti chifukwa cha khama, kusagona tulo ndi kuponda minga. Dzina la mayi Nangondo silinatchulidwe, koma anawalola kunyamula gitala. Anayenda nayo pakati pa anthu, nagwada pamaso pa a Chikadza, naipereka ndi manja awiri. Nthungululu zinaphulika. Kenaka khamu lonse linayamba kuwomba m'manja pamodzi, likupempha kuti Njovu iimbe, monga inalumbirira. Wina anali atabweretsa ndi nkhuku zomwe.

A Chikadza analandira gitala ija ngati munthu wapatsidwa khanda la eni likulira. Anaigogoda ndi chala. Anainunkhiza. Anasuzumira pabowo lake nthawi yaitali ngati akufuna dzira. Thukuta linatsika kuchokera m'chipewa n'kudontha pa tayi. Potsiriza anakweza mutu.

“Abale anga, mwagwira ntchito yotamandika,” anatero. “Koma gitala iyi si yanga.”

Mayi Nangondo anaimirira, naitembenuza, naloza zilembo zija kuti aliyense aone.

“Nanga dzina ili, bambo, ndi la yani?”

“Mayi, inu ku Joni simunafikeko,” anayankha a Chikadza modekha. “Kumene kuja a Chikadza tiliko ambiri. B ameneyu akhoza kukhala Bonifasi. Yanga ija inali yofiira kuposa apa.”

Anthu anang'ung'udza movomereza, pakuti panalibedi wina amene anafikako ku Joni. Mayi Nangondo anatsegula pakamwa kuti anene zimene zinali zitawafika kukhosi. Ndiye anaona manja a mkuluyo. Zala zake zinkazemba nsambo ngati zikuzemba moto. Apo ndi pamene anamvetsa zonse, za chinyontho, za kutentha, ndi za zala zouma mu Juni. Anayang'ana nkhalamba ija, nkhalambayo inawayang'ananso ndi maso a mbuzi yomangidwa, ndipo mayi Nangondo, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, anatseka pakamwa mawu ali m'kati.

Komiti inapita kukakhala upo kuseri kwa chisakasa. Nkhani inali yovuta, chifukwa thobwa linali litafululidwa kale, ndipo mwambo wobwezera sungathe popanda kubwezera. Patapita kanthawi a Sandalamu anatuluka ndi chigamulo. Anati popeza gitala si ya a Chikadza, ndiye kuti ndi ya munthu amene anapezeka nayo. Popeza munthuyo anali nayo mwamtendere pansi pa mtengo wa mango, ndiye kuti wina anamulanda. Ndipo popeza wolandayo anaonedwa ndi msika wonse ataibereka kumbuyo dzuwa likuswa mtengo, Komiti ikunyadira kulengeza kuti yapeza gitala yobedwa, yapeza mwini wake, ndipo yagwira wakuba, zonse tsiku limodzi.

Maso onse anatembenukira kwa mayi Nangondo.

Gidiyoni anaimika dzanja, nati pepani akuluakulu, pali kusamvetsetsana, iye analowadi pawindo, ndipo zipsera za mavu akhoza kuonetsa pompano.

“Achimwene, khalani pansi,” anatero a Sandalamu. “Kuvomera mlandu wopanda wodandaula ndi kusokoneza msonkhano. Inu pano ndinu wolakwiridwa.”

Choncho mwambo unayambiranso. A Sandalamu anawerenganso masamba asanu ndi anayi aja, akusintha maina okha. Mayi Nangondo anayendanso pakati pa anthu ndi gitala, ulendo uno wopanda nthungululu, nagwada pamaso pa wokonza njinga, napepesa monga anawalamulira. Gidiyoni analandira ndi manyazi aakulu, nawanong'oneza kuti asadandaule, paukwati wa mwana wawo adzabwera kudzaimba kuyambira m'mawa. Mayiwo anamuyankha chapansipansi kuti akachedwa adzamulondola ndi sizasi.

Atatero Gidiyoni anakhudza nsambo, ndipo bwalo lonse linanyamuka. Fumbi linakwera mpaka pamwamba pa chisakasa. Mkulu Woona za Thobwa anavina atanyamula chikho osataya dontho. A Chikadza anakhala pampando wakutsogolo, mtima utabwerera m'malo, akugwedeza mutu ngati mphunzitsi woyesa mayeso. Anauza oyandikana nawo kuti mwanayu akuyesera ndithu, kungoti chala chachitatu akuchiponya mochedwa, ndipo iwo anavomereza kuti nawonso anaona zomwezo.

Lolemba Komiti inakumananso, pakuti gitala yeniyeni ya a Chikadza, yofiira kwambiri ija, inali isanapezeke, ndipo ntchito yotere siyisiyidwa panjira. Mayi Nangondo analandidwa cholembera. Pamalo pawo anasankhapo a Gidiyoni Chimtengo, amene anakwezedwa pomwepo kukhala Mlangizi Wamkulu wa Chitetezo cha Zoimbira, poona luso lawo pa nkhani za mawindo. Mfundo yoyamba imene Komiti yatsopanoyi inavomereza, popanda wotsutsa, inali yochenjeza mudzi wonse kuti aliyense amene ali ndi gitala, ng'oma kapena wailesi azitseka pakhomo akaona telala uja akudutsa.