Tsiku lomwe ndinamwa dizilo mkwatibwi akuyang'ana

Mpaka lero kwathu ku Limbuli akayamba kukamba za ukwati wa Esinta, ine ndimapeza chifukwa chotulukira panja.

Esinta ndi mwana wa achemwali anga, ndiye monga malume ndinalonjeza kuti ndidzamutenga ndekha kupita naye kutchalitchi. Galimoto yanga ndi ija yakalekale ya dizilo, yokoka ndi matayala onse anayi, yomwe ndinagula itatopa kale ndi misewu ya m'minda ya tiyi. Kukalamba inakalamba, koma matope siiwaopa (zimenezi ndinkauza aliyense, ngakhale wosafunsa).

Sabata ya ukwatiyo galimotoyo inayamba kutsamwa pazitunda. Ndinamvetsera injini ndi nkhope ya dokotala, n'kugamula kuti fyuluta ya mafuta yatsekeka. Pamenepo ndinalondola, tisanamizane. Akazi anga anati ndipite nayo kwa amakanika ku Chitakale, ine ndinawayankha kuti kusintha fyuluta n'chimodzimodzi kusintha babu. Iwo anangoti babu sanaionepo itanyamula mkwatibwi.

Lachisanu ndinamasula fyuluta yakale, kumanga yatsopano, n'kupopa kapampu ka pamwamba pake mpaka mafuta anadzaza. Galimoto inalira bwinobwino. Ndinazungulira pabwalo manja kumbuyo ngati kapitawo.

Loweruka m'mawa tinaikongoletsa ndi maliboni. Esinta anakhala kutsogolo, diresi itadzaza mpando wonse, kumbuyo amayi oimba. Titangofika pamsika wa Limbuli, penipeni pochuluka anthu, injini inatsokomola n'kuzima. Kuliza, zii. Nyimbo ya amayi aja nayo inayamba kuchepa mphamvu mpaka inatsala ndi munthu mmodzi.

Ndinatsegula boneti nditavala suti. Ndinaganiza kuti m'mapaipi mwalowa mpweya, poti injini ya dizilo ikamwa mpweya siyenda. Ndinapopa kapampu kaja mpaka chala kuwawa, mafuta osabwera. Anthu anaunjikana, aliyense ndi matenda ake. Wina ankati batire, wina ankati mafuta atha, mayi wina wogulitsa nanazi anati mwina mkwati ali ndi mkazi wina kutsidya kwa malire.

Apa m'pamene nzeru zinandichulukira. Ndinazula paipi yochokera kuthanki kuti ndione ngati yatsekeka, n'kuiika kukamwa. Cholinga chinali kuyamwa pang'ono chabe. Abale, paipiyo sinatsekeke. Dizilo inabwera ndi mtima wonse, ina ndinalavula patayi, yambiri inatsikira m'mimba.

Ndikutsokomola choncho, misozi ili chuchuchu, Esinta anatsegula chitseko modekha.

"Amalume, abusa aja sadikira. Musakwiye, ine ndikwera kabaza."

Anapinda diresi, kuinyamula pamiyendo, n'kukhala kumbuyo kwa njinga. Msika wonse unamululutira ngati zinali zokonzekera. Amayi oimba aja anatsatira wapansi, ndipo asanakhote n'komwe anali atapeka kale ndime yatsopano yonena za malume (mawu ake sindilemba pano, ana angaloweze). Ine ndinatsala ndikupempha anthu omwe ankandiseka aja kuti andithandize kukankhira galimoto pambali pa golosale.

Mwina mukuganiza kuti zinathera pomwepo. Kumadyerero malume amayenera kulankhula. Ndinaimirira, kugwira maikolofoni, kuyamba bwinobwino kuthokoza akuchimuna. Ndiye dizilo imabwereratu. Chiganizo chilichonse chinkatha ndi kugeya, ndipo zokuzira mawu sizinabise kanthu. Makolo a mkwati, omwe anakhala pafupi nane, anayamba kusuntha mipando pang'onopang'ono mwaulemu. Wotsogolera mwambo anapempha kuti aliyense wokhala ndi machesi akhale kaye kutali ndi amalume.

Lamulungu titaikokera galimoto kunyumba ndinamasulanso fyuluta ija. Kalabala kakale kotsekera mpweya kanali katamatirira pomangira, ine n'kumanga katsopano pamwamba pake. Timalabala tiwiri topanikizana, mpweya unkangolowa ngati pakhomo losatseka. Ndinachotsa kakaleko, kupopa, kutulutsa mpweya, galimoto n'kulira nthawi yomweyo. Ndinathamangira kwa akazi anga kukawauza kuti vuto ndalipeza ndekha popanda makanika. Anati n'zoona, poti ndinaliikanso ndekha.

Pano mabuleki ayamba kulira, ndipo ndaona kale kuti si ntchito yovuta. Esinta nayenso ndi woyembekezera, ndiye tsiku lina ndinauza mwamuna wake kuti nthawi ikakwana asavutike, angondiitana ndidzamutengere kuchipatala. Mnyamata waulemu kwambiri ameneyu. Anavula chipewa, kupukusa manja, n'kunena kuti:

"Zikomo kwambiri amalume. Koma inu mudzangobwera kudzaona mwana."