Edinesi Pabenchi M'foni Mwanga

Anzanga, dzulo masana tulo titandiba ndinalota zoti mundiseke. Paja ndine ndimayendetsa ligi yathu ya pafoni ija, yoti aliyense amasankha atsikana asanu ndi awiri m'timu yathu ya ntchembere mbaye, akasewera bwino Loweruka n'kulandira mapointi. Ndiye sabata ino ndinamusiya pabenchi mwakachetechete mlamu wanga Edinesi, woponya zigoli uja.

M'malotomo ndili pabwalo lathu ku Chilobwe, ndangomva foni ikundikoka chitenje.

"Mayi Kalinde, batire langa lanyowa. Muli munthu akulira muno."

Ndiye kusuzumira, ndi Edinesi, wachepa ngati chiwala, wakhala pabenchi wagwira tsaya.

"Alamu," akutero, "ine wokulererani ana mukapita kumaliro, pabenchi?"

Ndisanayankhe, mwadzidzidzi oyimbira masewero, bambo Mpinganjira, asanduka nkhanga, wezulo ili kukamwa, akuthamanga mozungulira bwalo. Ndiye apampando athu, mayi Sauzande, amera ndevu, asanduka mbuzi, ayamba kudya kope langa la mapointi tsamba ndi tsamba.

"Mapointi a sabata yathayi alibe mchere," akutero uku akutafuna.

Ndiye mpira wakhala pansi pakati pa bwalo, wapinda miyendo. "Popanda Edinesi ine sindilowa m'golo. Enawa amandiponya ngati akutaya madzi otsukira mbale." Golo nalo lamva zimenezo, lazuka, lauyamba wa ku Limbe, lati likasake ntchito ina.

Ine mtima phaa! Ndati ndimubwezere msanga m'timu, koma zala zanga zasanduka chinangwa, foni ikungoseka kuti ndikuigirigisha. Mwadzidzidzi Edinesi watuluka yekha, watalika mpaka kuposa phiri la Soche. Wanditola, wandiviringa m'manja, wandidunda kawiri.

"Alamu pepani! Ndinangoona kuti bondo likukuvutani!"

"Bondo? Taonani bondolo."

Wandiponya. Ndadutsa pamwamba pa msika, amayi a tomato akuimba nthungululu, ndalipeza golo lija pasiteji likukwera minibasi, ndalowa bwinobwino osakhudza chitsulo. Nkhanga yaimba wezulo: "Mapointi khumi kwa aliyense, kupatula mpirawo!"

Ndikugwa choncho ndamva go! go! go! Kudzidzimuka, ndili pamkeka, wina akugogoda chitseko.

"Odi alamu! Tandibwerekani sefa."

Ndinamupatsa ndi manja awiri, mpaka kugwada. Ndiye inu musakamuuze za benchi zija. Pano ndi kaputeni.