Zaka za Wezi Sizikudikira Loya Wanu

Kwa Wolemekezeka Bwana Mkulu Wosefa Ofuna Ntchito za Boma,
Ku Likulu.

Bwana wanga,

Ndikudziwa chimene chikukusowetsani mtendere. Chimvereni kuti achinyamata ena akasuma ku bwalo lalikulu la milandu ku Mzuzu kuti liunikenso malamulo anu olembera alangizi a zaulimi, muyenera kuti mukuganiza kuti jaji akufuna kukulandani mpando, azisankha yekha olembedwa ntchito inu mukungoonerera. Mtima pansi, bwana. Ine ndine Joel Manda wa kuno ku Chintheche. Ndinaphunzitsa ana za boma ndi malamulo mpaka kupuma ntchito, ndipo ndaona kuti si bwino munthu wamkulu ngati inu azivutika ndi nkhani imene ndikhoza kuifotokoza ndili pakhonde panga.

Pa mlandu wa mtundu uwu jaji salemba munthu ntchito. Amangofunsa timafunso tating'ono. Mphamvu zoikira lamuloli munali nazo? Anthu amene likuwakhudza munawamvako? Nanga chifukwa chake n'chiyani? Zili ngati kutchalitchi kwathu: mkulu wa mpingo akachotsa munthu mu kwaya, a Sesheni, bwalo loyendetsa mpingo, sapita kukaimba m'malo mwake, amangoitana mkuluyo kuti afotokoze. Akakhala ndi chifukwa, nkhani imatha tiyi asanazizire.

Mmodzi mwa osumawo ndi Wezi, mwana wa mlongo wanga, amene amanditcha asibweni. Mu Disembala muno akukwanitsa zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo chidziwitso chanu cha m'nyuzipepala chimati wofika pamenepo asavutike n'kulemba kalata. Mlanduwu ukadutsa mwezi umenewo, anzake akhoza kupambana n'kuvina, iye n'kungowaombera m'manja. Koma ndisanafike pa pempho langa, ndiloleni ndithokoze, poti ife a kunyanja tinaleredwa bwino.

Choyamba, zikomo chifukwa chokonda maphunziro. Wezi anapita kukoleji ya boma, kumene anamuuza kuti satifiketi ndi yokwanira pa ntchito ya ulangizi. Atabwera nayo, munalengeza kuti mukufuna dipuloma. Anasiyira mayi ake mwana woyamwa n'kubwerera kusukulu. Atabwera ndi dipuloma munamuitana ku intavyu, anakhoza, ndipo mlongo wanga anapha nkhuku. Nkhukuyo itadyedwa kale m'pamene munazindikira kuti mpunga sungamvere munthu wopanda digiri. Pa uphunzitsi wanga wonse ndinayesa njira zambiri zosungira ana pasukulu, za chikondi ndi za ndodo zomwe, koma yoposa yanuyi sindinaipeze.

Chachiwiri, zikomo pa lamulo lakuti wofuna kuyamba ntchito m'boma akhale atagwirapo kale ntchito m'boma kwa zaka zitatu. Wezi anabwera kudzandifunsa kuti zimenezi zimatheka bwanji. Ndinamukhazika pansi, ndinatsokomola monga ndinkachitira ndisanayambe phunziro, kenako ndinamutuma kuti akaone ngati chinangwa chauma pathandala. Aka kanali koyamba m'moyo mwanga kulephera kufotokoza chinthu, ndipo mayi a kunyumba kuno akuti ndikuthokozereni mwapadera.

Chachitatu n'chimene chandigwira mtima kwambiri. Tsiku la mlandu likafika, Wezi amavala suti yake ya intavyu n'kukwera minibasi kukwera mapiri mpaka ku Mzuzu. Jaji amakhala alipo. Loya wa osuma amakhala alipo. Wosowa amakhala loya wanu. Ulendo wina ankati fayilo yatsekeredwa mu ofesi ya munthu amene wapita ku maliro. Ulendo wina ankati galimoto ilibe mafuta. Ulendo wathawu kunabwera mnzake kudzapepesa kuti loyayo ali kutali pa ntchito yofunika ya boma, choncho mlandu uimitsidwe kaye.

Wezi atabwerera kuno madzulo, anapeza mudzi wonse ukudandaula kuti nsomba zasowa pamsika. A Ibrahim, amene amagula nsomba kwa asodzi athu, anamuuza kuti zonse zapita ku loji ina ya m'mbali mwa nyanja, kumene kwadzaza magalimoto a boma. Anati pali bwana wina wochezeka kwambiri, wakabudula wamaluwamaluwa, amene anasankha yekha nsomba yaikulu ya batala n'kudzitchula dzina ndi udindo womwe. Dzinalo ndi lomwe lija linaitanidwa m'khoti popanda woyankha. Pachipata cha lojiyo panali chinsalu chachikulu cholengeza mutu wa msonkhano: kufulumizitsa kulemba ntchito achinyamata.

Sindikudandaula, bwana. Alendo timawakonda, ndipo asodzi anagona mosangalala. Ndikungoti tikanadziwa, Wezi sakanakwera mapiri onse aja. Akanangovula nsapato n'kuyenda mumchenga, n'kukamupeza loya wanu pansi pa ambulera. Ulendo wina muzititumizira uthenga, tidzapempha jaji kuti atsikire konkuno. Mipando tili nayo kutchalitchi.

Chachinayi ndi chachifupi. Zikomo kuti zaka za osuma mukuziwerenga mosalakwitsa, pamene masiku a khoti amakusokonezani.

Pabanja pathu takambirana njira zoimitsira zaka za Wezi. Tamuletsa kukondwerera tsiku lobadwa. Mng'ono wake Olive amamuzula imvi ziwirizitatu zimene zayamba kuonekera pamwamba pa khutu. Mlamu wanga ananena kuti amamva zoti m'maofesi ena aakulu muli anthu amene akafika chaka chotsala chimodzi kuti apume ntchito, zaka zawo zimaima, ndipo anafuna kuti ndikufunseni mankhwala ake. Ndinamudzudzula. Ndinamuuza kuti zimenezo ndi nkhani za pabawo, ndiponso ngakhale zikanakhala zoona, mankhwala otere sangaperekedwe kwa munthu wa dipuloma.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, ndipo silifuna mafuta a galimoto. Yesani nokha zimene jaji akufuna kuchita, kuti muone kuti sizipweteka. Lamulungu likubwerali mukaweruka kutchalitchi, khalani pansi ndi mayi a kunyumba kwanu. Awerengereni malamulo anu limodzilimodzi, ndipo pa lililonse auzeni chifukwa chake m'chilankhulo chimene mumalankhulana mukamakambirana za ana anu, popanda mawu a m'misonkhano. Fotokozani chimene chinasintha pa mpunga pakati pa intavyu ndi digiri. Fotokozani kumene munthu amazipeza zaka zitatu za ntchito imene simunamulembe. Musafulumire. Ine ndimadziwa kuti kufotokoza kumafuna kuleza mtima.

Mayiwo akagwedeza mutu kuvomereza, ndiye kuti mlandu mwapambana kale. Nyamulani mawu omwewo mupite nawo ku Mzuzu pa tsiku limene laikidwa mu Novembala, ndipo ine ndidzakhala woyamba kumuuza Wezi kuti apite kukoleji kachitatu. Koma akakuyang'anani mwachifundo n'kufunsa ngati mukumva bwino m'thupi, musavutitse jaji. Cholembera chimene chinalemba malamulowo chikadali pa desiki panu, ndipo chikhoza kuwafufuta Lolemba m'mawa, Wezi akadali wachinyamata malinga ndi kuwerenga kwanu.

Ndine wanu wokulemekezani kuchokera pansi penipeni pa makwerero, amene sangayenerere ngakhale ntchito yokutsegulirani chitseko,

Joel Manda,
Mphunzitsi wopuma ntchito, wa satifiketi chabe,
Chintheche, Nkhata Bay.