Malegeni a Pampopi

Lolemba

Eni atsopano a mgodi akufuna alonda. Loweruka, pageti. Akuti amuna amphamvu. Ndiye ine amene! Zaka makumi awiri pansi pa nthaka, komanso ngwazi yonyamula zitsulo ku kalabu yathu ya ku Chamboli. Koma pagalasi ndikuona mikono ngati mapesi. Chichotsedwereni ntchito, cholemera chimene ndimanyamula ndi kapu ya tiyi.

Ku kalabu zitsulo kulibe, anagulitsa. M'chipinda chomwe tinkatuluka thukuta muli nkhuku za munthu wina. Mtima ukundiwawa.

Mwansa, mphunzitsi wathu wakale wa ku kalabu, ali ndi nzeru ya m'magazini: umange mkono kumtunda kuti magazi aziyenda pang'onopang'ono, n'kumanyamula chopepuka. Akuti minofu imapusitsika, imakula ngati wanyamula ngolo. "Koma mudala, osamangitsa." Akuuza ine?

Lachiwiri

Zida:
simbi ya makala ya mayi a kunyumba
njerwa ziwiri
malegeni

Malegeni pakhomo pano alipo amodzi okha, omwe anamanga paipi ya mpopi. Kale paipi ikadontha unkangonena ku ofesi ya mgodi m'mawa, masana munthu wa ovolosi wafika ndi sipanala. Ngakhale mababu ankatipatsa ulele. Ndamasula. Paipi ikusambitsa khoma.

Lachitatu

Kumanga ndimakudziwa. Ndinali m'timu ya chithandizo choyamba ya pamgodi, tinkapikisana ndi a ku Ndola pabwalo, bandi ikuimba, akazi athu akululutira. Kamtengo, kupotokola katatu, magazi zii. Lero ndamanga momwemo.

Mkono ukufufuma. Mphamvu zimenezo! Zala zikuchita dzanzi, simbi yandipulumuka, chigwiriro chathyoka.

Lachinayi

Mayi akupita kumapemphero a amayi ndi bulauzi yosasita. Mawu awo potuluka: "Bambo, mpopi mwauvula, inu mwavala."

Masana akufika a Phiri, mkulu wa mpingo. Amva kuti ndayamba kuvala chithumwa kumkono. Ndikuwafotokozera kuti si mankhwala, ndi nkhani ya magazi basi. Kungotchula magazi, munthu wagwada. Pemphero layambira pa Farao, ladzera kwa Samisoni, lafika mpaka pa eni atsopano. Ine malegeni ali m'kati mwa malaya, omangidwa ndi kamtengo. Ungamasule bwanji mkulu akupemphera?

Lachisanu

Dzanja lamanja silikumva kanthu. Izi ndikulemba ndi lamanzere, zilembo ngati payenda nkhuku.

Mwansa wandiona, wagwira pakamwa. "Mudala, ndinati monga lamba wa buluku. Iwe wamanga monga munthu wadulidwa mwendo!"

Pabwalo ndi matope okhaokha. Abakha a oyandikana nawo asamukira kuno.

Loweruka

Mzere wafika kumsewu. Nkhope zonse zodziwika: okumba, oyendetsa makina, ngakhale kapitawo amene ankatikalipira, aliyense ndi jekete la paukwati wake. Tikupatsana moni motsitsa mawu ngati pamaliro.

Palibe wotiuza kuti tinyamule kanthu. Tebulo, fomu, cholembera. Mlonda ntchito yake ndi kulemba magalimoto m'buku.

Cholembera chagwa katatu. Ndayesa lamanzere. Mtsikana wa patebulo wayang'ana pepala, wayang'ana ine, mwaulemu ndithu: "Pepani atate, tikufuna odziwa kulemba."

Ine! Mwana wa kalaliki wochokera ku Malawi, amene bambo ankandimenya zala ndi rula kuti zilembo ziime mowongoka. Theka la mzere uja ndinkawalembera makalata opita kumudzi. Manyazi andigwira, ndangotola chipewa.

Lamlungu

Kutchalitchi a Phiri akusisita mkono wanga, palibe chomanga. Akumwetulira, akuti pemphero lagwira ntchito.

Zala zayamba kumva. Lero, ntchito itapita.

Masana ndabwezera malegeni pa paipi. Kamtengo, kupotokola katatu. Palibe ngakhale dontho limodzi. Mayi aima pakhomo, ayang'ana nthawi yaitali.

"Pamenepo ndiye mumatha, bambo."

Ndakhala pa njerwa zanga ziwiri, ndikudikira kuti matope aume.